Chamba cha haibulidi kuseri kwa nyumba ku Rosettenville, mu Johannesburg: mmene nyengo ya 2024/25 inayendera

21 Seputembala 2024: lamulo, malo ndi dothi

Ndiyambe ndi lamulo, chifukwa ena mwatukula kale nsidze. Kuno ku South Africa, pa 18 Seputembala 2018, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti munthu wamkulu sangamangidwe chifukwa chodzala, kusunga kapena kugwiritsa ntchito chamba pamalo pake, bola chikhale cha iye mwini. Chigamulocho anachiwerenga ndi woweruza Raymond Zondo, pa mlandu umene Gareth Prince analimbana nawo zaka zambiri. Mu Meyi 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasainira lamulo lotchedwa Cannabis for Private Purposes Act. Kugulitsa n'koletsedwabe, ndipo lamuloli limati kusutira ana utsi ndi mlandu. Kwathu ku Malawi nkhani ndi ina: lamulo la 2020 limalola alimi okhala ndi chiphaso okha, olima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale. Wina akatenga zimene ndikulembazi n'kukachita ku Kasungu, kapena akalongedza kaphukusi m'chikwama pa basi yodzera pa Beitbridge, akakagwidwa asadzanditchule.

Ndimachita lendi kachipinda ka kuseri, choncho bwalo si langa. Ndinakagwada kwa agogo eni nyumba. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Mwana wanga, zinthu ziwiri. Zisaoneke pamwamba pa khoma, ndipo adzukulu anga akabwera Loweruka asazifike." Ndatchinga kangodya ka bwalo ndi waya wa nkhuku, ndaika kachitseko ndi loko. Zonse R310. Kangodyako kamayang'ana kumpoto, komwe dzuwa la kuno limadzera, ndipo khoma ndi lotalika mamita awiri.

M'nthaka sindidzala. Kum'mwera kwa Johannesburg tazingidwa ndi milu ya dothi la m'migodi ya golide, ndipo mphepo ya mu Ogasiti ikamawomba fumbi lake lachikasu limalowa mpaka m'mbale. Chamba chimayamwa kwambiri zitsulo zoipa za m'nthaka n'kuzisunga m'thupi mwake. Ndagula migolo iwiri yabuluu ya malita 200 yogwirapo kale ntchito, R250 umodzi, ndaicheka pakati n'kuboola mabowo pansi. Funsani chimene chinali mumgolomo musanalipire. Yanga inali ya zakudya, fungo la viniga linali lidakalimo.

Dothi ndasakaniza chonchi: matumba 6 a dothi la m'miphika ya maluwa (R330), matumba awiri a manyowa a ng'ombe owola bwino (R90), thumba la perlite kuti madzi asamadikhe (R170), ndi ufa wa mafupa (R95). Chotsalacho ndadzaza ndi kompositi wa kuntchito. Ndimasamalira maluwa ndi dziwe losambira panyumba ina ku Randburg, ndipo abwana anandilola kutapa pamulu umene ndinaunjika ndekha.

5 Okutobala: njere ndi makolo ake

Njere 6 andipatsa alamu anga a ku Turffontein, ulele, m'kabokosi ka machesi. Mayi wa mbewuyi ndi chamba cha kwathu chija dziko lonse limachitcha Malawi Gold, chimene chinatchukitsa Nkhotakota. Bambo ndi wa mtundu wa ku Afghanistan. Muyenera kuwadziwa makolo awiriwa, apo ayi zimene zikubwera kutsogoloku simuzimvetsa.

Chakwathu n'chachitali, masamba ake ndi opyapyala, mfundo zotalikirana, mitu yotakasuka yolowa mphepo. Vuto lake n'kuchedwa: chikayamba maluwa chimafuna milungu 12, 14, nthawi zina kuposa. Kwathu zilibe kanthu, chisanu chowaula mbewu kunyanja kulibe. Cha ku Afghanistan n'chachifupi, cha masamba otambalala obiriwira moderako, mitu yothinana yolimba, ndipo pamilungu ngati 8 chakhwima. Chinazolowera kukhwima nyengo youma.

Tsono onani pamene Johannesburg watiika. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750. Chamba chimayamba maluwa usiku ukayamba kutalika, kuno ndiye cha mu Febuluwale. Werengani milungu 14 kuchokera pakati pa Febuluwale, mufika kumapeto kwa Meyi, chisanu chitalowa. Werengani milungu 8, mufika mu Epulo, koma mitu yolimba ija idzakhala itafufuma mvula ya mu Malichi ikugwa. Wokwatitsa mitundu iwiriyi amafuna mwana wodutsa pakati pa mvula ndi chisanu. Anthu akamakamba za haibulidi amathamangira kufunsa mphamvu zake. Ine funso langa ndi la kalendala.

Pali chimodzi chimene alamu ananena mochita kudutsa. Njerezi si za ukwati woyamba uja, ndi za ana ake atakwatirana okhaokha. Amene anabzalapo chimanga cha haibulidi chotapa m'nkhokwe m'malo mogula mbewu yatsopano akudziwa chimene chimachitika: munda umodzi, koma phesi lililonse ndi msinkhu wake. Ndikuyembekezera zomwezo.

Ndafesa m'makapu a yogati oboola pansi, kuya kwake ngati chikhadabo, ndaika pawindo.

14 Okutobala

Zamera 5. Imodzi ndaifukula, yawola.

30 Okutobala: mbozi ya m'nthaka

Ndinawokera mbande Loweruka lapitali zitatulutsa masamba enieni magulu atatu, zinayi m'migolo, yachisanu mu ndowa ya penti ya malita 20. Lero m'mawa mbande imodzi yagona chammbali, yodulidwa pa tsinde penipeni pamene imatulukira m'dothi, masamba ake akadali abwinobwino. Ndinakanda dothi ndi chala mozungulira ndipo ndinaipeza, mbozi yotuwa yonenepa, itadzipinda. Imabisala masana, imadula usiku. Inabwera ndi kompositi.

Mankhwala ake sagula. Ndadula mabotolo a pulasitiki a malita awiri kukhala mphete, ndazika mphete iliyonse mozungulira mbande, theka m'dothi theka kunja. Ya mu ndowa ija yalowa mumgolo wa malemuyo. Zatsala 4.

16 Novembala: matalala

Amene wakhalitsa ku Gauteng amaudziwa mtambo uja wakuda mobiriwirako umene umabwera cha m'ma 3 koloko masana. Matalala anagwa ndili kuntchito, ndikuthamangitsa miphika ya abwana kulowetsa pakhonde, mtima uli ku Rosettenville. Pofika madzulo masamba akuluakulu anali nsanza zokhazokha. Mtengo umodzi unathyoka nsonga yonse, wina nthambi inang'ambika pa mphanda koma khungwa likadagwira.

Nthambi yong'ambikayo ndinaibwezera pamalo pake n'kuikulunga ndi tepi ya magetsi, kenaka ndinaichirikiza ndi kamtengo. Chamba chimapola msanga, bola khungwa lisaduke lonse. Masamba ong'ambika sindinachotse, chifukwa ngakhale lotsala theka likudyetsabe mtengo.

Ndamanga denga la neti: mapolo 4 a bulugamu (R240), neti yoyera yotchinga matalala (R420), waya ndi misomali (R60). Wogulitsa amafuna kundipatsa neti yobiriwira ija ya mthunzi wambiri imene anthu amaimikamo galimoto. Imeneyo ayi, imaba dzuwa. Neti muikunge motsetsereka. Ikakhala yafulati matalala amaunjikana pakati, kulemera kwake n'kugwetsa mapolo.

1 Disembala

Wothyoka nsonga uja waphuka mitu iwiri m'malo mwa umodzi, ndipo ukutambalala m'mbali. Poona zimenezi ndadula dala nsonga za ina itatuyo, pamwamba pa mfundo yachisanu.

Kusiyana kwayamba kuoneka. Umodzi watenga kuchimayi: wautali, masamba opyapyala. Wina watenga kuchibambo: waufupi, tsinde lonenepa, tsamba lotambalala kuposa dzanja langa. Iwiri ili pakatikati. Kuyambira pano ndiziitchula kuti Wautali, Waufupi ndi Apakati.

12 Disembala: kutentha, madzi ndi akangaude

Mwezi uno wayamba ndi dzuwa loswa mtengo, mvula yazemba. Mavuto atatu abwera pamodzi.

Loyamba ndi migolo. Pulasitiki wabuluu akamenyedwa ndi dzuwa la masana amatentha moti dzanja silikhalitsapo, ndipo mizu imene yafika m'mbali imapsa. Mitengo imalefuka masana ngakhale dothi lili lonyowa. Ndakulunga migolo ndi masaka akale ndi makatoni, pamwamba pa dothi ndayala udzu wouma. Kulefuka kwatha.

Lachiwiri ndi masamba a kunsonga, amene anayamba chikasu pakati pa mitsempha, mitsemphayo ikadali yobiriwira. Alamu atabwera anati, "Alamu, njala imeneyi, thirani feteleza." Ndinakana, chifukwa dothi lili ndi manyowa okwanira, ndipo njala ya nayitulojeni imayambira masamba a pansi, osati a kunsonga. Ndinabwereka kuntchito kabotolo koyezera madzi a m'dziwe losambira. Mumathira madzi, n'kudonthezamo mankhwala ofiira, n'kufananiza mtundu. Madzi a pampopi wathu anatuluka ofiira moderako, pH (muyeso wa asidi wa m'madzi) ya pafupifupi 8. Chamba cha m'dothi chimafuna pakati pa 6 ndi 7. Madzi akakwera chotero chakudya chimakhalamo m'dothi koma mizu imalephera kuchitola, makamaka ayironi. Popeza mvula kulibe ndakhala ndikuthirira madzi a pampopi okhaokha, n'chifukwa chake vutoli latulukira tsopano.

Ndagula mgolo wachitatu (R250) ndauika pansi pa paipi ya madzi a padenga. Podikira mvula ndikumathira viniga pang'ono mu kheni, kuyeza, kuonjezera, mpaka mtundu utembenukire kuchikasu. Mgolowu wathandizanso mbali ina: mipopi ya dera lathu inauma kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba, ndipo ndikanapanda kutungiratu bwenzi tikunena zina. Masamba a pansi a Wautali anaonetsanso chikasu cha pakati pa mitsempha, ndinawathirira Epsom salt (mchere wokhala ndi maginiziyamu) supuni yaing'ono m'malita 5 (paketi R25).

Lachitatu ndi akangaude ofiira, omwe aja amavuta pa tomato. Kukatentha n'kuuma ndiye nyengo yawo. Pamwamba pa tsamba mumaona timadontho toyera ngati wabayabaya ndi singano. Ikani pepala loyera pansi pa tsamba, gogodani tsambalo, ndipo tifumbi timene tagwapo tikayamba kuyenda, ndi iwowo. Ndagula mafuta a nimu (R130) ndi kabotolo kopopera (R70). Ndimasakaniza ndi madzi ofunda ndi dontho la sopo wotsukira mbale, n'kupopera kunsi kwa masamba dzuwa litalowa. Mukapopera masana masamba amapsa. Kamodzi sikakwana, mazira amaswa patangopita masiku ochepa, ndiye muyenera kubwereza mpaka pepala lija lizituluka loyera. Nimu ndi wa nthawi ino yokha. Maluwa akayamba ndisiya, chifukwa kuwawa kwake kumakanirira m'mitu.

11 Januwale 2025: khoma

Mvula yabwera ndipo Wautali wapenga. Agogo anandiitana m'mawa, sananene kanthu, anangoloza ndi ndodo yawo. Nsonga ziwiri zinali zitasuzumira kwa aneba.

Nkhani yake si ya agogo okha. Chilolezo cha khoti chija ndi cha pamalo pako, ndiye palibe nzeru kuonetsa msewu wonse. Komanso mitengo yooneka imaitana alendo odumpha khoma usiku, ndipo kuno salowa chimanjamanja.

Kudulanso nsonga sindinafune, nthawi yatha. Ndaupinda. Ndinang'amba malaya akale kukhala timizere, ndinaboola timabowo m'mphepete mwa mgolo, n'kumakoka nthambi iliyonse pang'onopang'ono kuti igone chammbali. Waya kapena chingwe chopyapyala zimacheka khungwa, nsalu siicheka. Pindani masana mtengo uli wofewa ndi dzuwa, m'mawa umakhala wokhuta madzi ndipo umathyoka. Pa nthambi ziwiri zokhwima ndinafinya tsinde pakati pa zala mpaka kumva kuti lafewa mkati, kenaka linagonja lokha. Pamalopo pamadzatupa mfundo yolimba. Kumbukirani kuti wotenga kuchimayi amatalikanso kwambiri milungu yoyamba ya maluwa, choncho musiyireni malo.

26 Januwale: wamwamuna

Mmodzi wa Apakati ndi wamwamuna. Pa mphanda pamene nthambi imachokera patuluka timipira tosalala tolendewera. Itatu inayo yatulutsa titsitsi tiwiritiwiri toyera, ndiye kuti ndi yaikazi. Wamwamunayo ndamuveka thumba la zinyalala, ndamudula pa tsinde, ndakamutaya timipira tisanatseguke. Mungu wake ukafika pa yaikazi, mphamvu zonse zimathera ku njere. Zinandiwawa, unali mtengo wokongola kuposa yonse.

15 Febuluwale: getsi la aneba

Waufupi anayamba maluwa kumayambiriro kwa mwezi, Wapakati anatsatira. Wautali anangoti duu, akungophuka masamba. Poyamba ndinkati ndi kuchedwa kwa kuchimayi. Koma ndinaona kuti nthambi zake za pansi, zobisika ndi mgolo wa madzi, zayamba timitu, pamene za pamwamba ayi. Mtengo umodzi, nyengo ziwiri.

Yankho ndinalipeza usiku. Aneba aika getsi lachitetezo lowala kwambiri pakona ya nyumba yawo, ndipo limayaka mpaka m'mawa. Kuwala kwake kumadumpha khoma n'kugwera ndendende pamwamba pa Wautali. Ndinaima pamenepo n'kutha kuwerenga risiti ya m'thumba. Chamba chimawerenga kutalika kwa mdima, ndipo mdimawo ukamadukizidwa chimayesa kuti dzinja likadalipo. Nthawi zina mtengo waukazi wosokonezedwa chotere umatulutsa maluwa aamuna. Alimi a kumudzi vuto ili salidziwa, ndi la m'tauni ya mipanda ndi magetsi ngati ino.

Kuwauza aneba kuti azimitse getsi lawo ku Rosettenville ndi kupempha chosatheka. Ndinawapempha kuti ndilipendeketse pang'ono liziloza pabwalo pawo, ndinati likundiwalira pawindo, zimenenso ndi zoona. Analola. Kuwala kotsalako ndatchinga ndi pulasitiki wakuda (R90) amene ndamangirira pa mapolo a neti mbali ya khomalo.

Chakudya ndasintha. Manyowa a ng'ombe ndasiya, ndawaza feteleza wa 3:1:5 wa maluwa ndi zipatso (R140), dzanja limodzi mgolo uliwonse, kutali ndi tsinde.

2 Malichi

Wautali wayamba maluwa mtengo wonse, koma watsalira pafupifupi mwezi. Ndawerenga pa kalendala ndipo sizikundisangalatsa.

Fungo layamba. Waufupi akununkha mwamphamvu ngati dothi lonyowa losakanikirana ndi zokometsera ndiwo, Wapakati akumveka ndimu. Agogo akuti madzulo likumafika mpaka kukhitchini kwawo, koma sanadandaule.

22 Malichi: kuvunda

Apa ndi pamene nyengo yonse yagona, ndiye ndifotokoza mwatsatanetsatane.

Mvula yakhala ikugwa mosalekeza, yamvumbi, dzuwa osaoneka. Neti imatchinga matalala koma madzi amadutsa. Mitu ya Waufupi inali yosiririka, yonenepa ngati mkono wa mwana, yolimba mukaigwira. Lachitatu ndinaona katsamba kamodzi kotuluka pakati pa mutu waukulu katafota n'kuchita khofi, pamene ena onse ozungulira ali obiriwira. Ndinakakoka ndipo kanangosololoka popanda kulimba. Nditatsegula mutuwo ndi zala, mkati monse munali mutavunda, muli chuku chotuwa chaubweya. Kunja bwinobwino, mkati manda. Katsamba kofota kokhako ndiye chizindikiro, ndipo mukakaona matendawa ayamba kale.

Nditafufuza mitu ina ndinapeza mnzake wa vutoli: timbewu takuda ta ndowe za mbozi. Ndi mbozi yomwe ija imaboola thonje ndi tomato. Gulugufe wake amaikira mazira usiku, kambozi kamalowa mkati mwa mutu, kamadya, kamasiya bala ndi ndowe, chinyezi n'kumaliza ntchito. Mitu yambiri yovunda inali ndi mbozi kapena njira yake.

Ndinachita izi. Mutu uliwonse wogwidwa ndinaudula ndi sizasi kutsikirako pansi pa povunda, n'kuuponya m'thumba pomwepo osaugwedeza, chifukwa fumbi la chuku limauluka. Sizasi ndimaipukuta ndi spiriti ndikadula uliwonse. Chovunda sachiumitsa, sachisuta, sachiphika, ngakhale chikhale chochuluka bwanji. Mapapo ndi anu. Mbozi ndinatola ndi manja, m'mawa ndi madzulo. Ndinagulanso mankhwala a Bt (R150), a tizilombo totchedwa Bacillus thuringiensis timene timapha mbozi zokha zikadya tsamba lopoperedwa. Ndinapopera Wapakati ndi Wautali, amene mitu yawo ikadali yaing'ono. Mankhwala a thonje kapena a tomato amene ena amagula m'timabotolo topanda dzina pa renki ya matekisi, amenewo asayandikire chinthu chimene mudzachikoke m'chifuwa.

Pamwamba pa neti ndayala pulasitiki woonekera (R180), m'mbali ndasiya potseguka kuti mphepo izidutsa. Mukatseka ponseponse chinyezi chimachuluka kuposa kunja. Ndapatuliranso masamba akuluakulu a mkati, ndipo m'mawa uliwonse ndimagwedeza nthambi kuti mame agwe.

Chodabwitsa n'chakuti Wautali, amene waima pafupi kwambiri ndi Waufupi mpaka nthambi kukhudzana, alibe ndi banga lomwe. Mitu yake yotakasuka imauma mphepo ikangodutsa. Wapakati wataya timitu tiwiri basi.

29 Malichi

Waufupi ndamudula. Akanafuna mlungu wina kapena iwiri, koma kuvunda kumathamanga kuposa kukhwima. Ndapulumutsa mwina gawo limodzi mwa magawo atatu.

19 Epulo: kukolola Wapakati

Titsitsi toyera tija tambiri tasanduka tofiirira n'kupindikira mkati. Koma titsitsi timanamiza, mvula ndi mphepo zimatifiiritsa nthawi isanakwane. Ndagula kagalasi kokulitsa zinthu (R60) kuti ndione timadontho ta utomoni tokuta maluwa. Tikakhala toonekera ngati madzi, sanakhwime. Tikachita mbuu ngati mkaka, wafika. Tikayamba kufiirira, akupitirira. Muziyang'ana pa duwa lenileni, osati pa timasamba, chifukwa ta pamasamba timafulumira. Wapakati ndamudula tambiri tili mbuu, towerengeka titafiirira. Kuyambira pamene anaonetsa maluwa papita milungu ngati 10.

Ndinadula m'mawa, nthambi imodziimodzi, n'kuchotsa masamba akuluakulu. Ndapachika nthambi mozondotsa m'kashedi ka zipangizo ka agogo, mumdima, zosakhudzana, chitseko chotsekula pang'ono. Zala zinachita kumatirana ndi utomoni, sopo analephera, mafuta ophikira ndiwo anachotsa.

10 Meyi: chisanu

Wapakati anauma bwino m'milungu iwiri. Muyeso wake ndi kupinda kanthambi: kakathyoka ndi kaphokoso, zauma, kakangopindika, dikirani. Ndaika m'mabotolo agalasi a mayonezi otsuka bwino, osadzaza, ndipo ndimawatsegula kanthawi tsiku lililonse kuti chinyezi chituluke. Botolo limodzi linayamba kachifungo kakuthwa ngati mkodzo, ndinakhuthula n'kuyanikanso.

Nkhawa ili pa Wautali. Usiku kwayamba kuzizira koopsa, masamba ake asanduka ofiirira moderako, ndipo utomoni wambiri ukadali woonekera. Mgolo ndi wolemera, sunganyamulike. Ndagula nsalu yoyera yofunditsa mbewu (R110), ndimamufunditsa dzuwa likamalowa n'kumuvundukula m'mawa ndisanakwere tekisi. Kuthirira ndachepetsa, ndipo ndimathirira m'mawa okha kuti mizu isagone m'madzi ozizira.

24 Meyi

Udzu wa pabwalo unadzuka woyera, ndipo nsonga ziwiri zimene nsalu inasenderapo zawauka. Ndadula mtengo wonse lero. Mitu ya pamwamba yafika, ya pansi ikanafunabe nthawi. Lija getsi linandidyera milungu imene ikanakwanira.

Kuumitsa kwasintha. Mpweya wa Johannesburg nyengo yozizira ndi wouma moti milomo imang'ambika, ndipo nthambi zoyamba zinauma kunja msanga mpaka kufumbutuka, mkati mukadali mwauwisi, fungo ngati la udzu womweta. Zotsalazo ndazisiya ndi masamba ake, ndazipachika mkati mwa katoni yaikulu yoboola timabowo kuti ziume pang'onopang'ono. Alamu akuti tikulunge m'makungwa a nthochi n'kumanga zolimba ngati mmene amachitira kwathu. Luso limenelo lili ndi eni ake, ndipo nditaona chuku cha mu Malichi sindikufuna kuseweranso ndi chinyezi.

28 Juni: sikelo ndi ndalama

Pa sikelo ya kukhitchini, zouma: Waufupi magalamu 60, Wapakati 190, Wautali 150.

Khalidwe lawo ndi losiyana ngati si a bere limodzi. Waufupi amalemeretsa thupi n'kugonetsa. Wapakati ndi wofatsa, fungo la ndimu lakhalabe. Wautali ndi waukali: amathamangitsa mtima ndi maganizo, ndipo munthu wosazolowera angayambe mantha opanda chifukwa. Ndi njere za m'kabokosi kamodzi, choncho wina akakuuzani kuti mtundu wakutiwakuti umachita zakuti, m'funseni kuti akunena mtengo uti. Pa zimene makolo amanena zoti chamba chimazunguza mutu, sindikuwatsutsa. Kwa achinyamata amene ubongo ukadakula, ndi kwa amene kubanja kwawo kuli matenda a maganizo, ngoziyo ndi yeniyeni, ndipo chamba champhamvu chimaikulitsa. Mabotolo anga ali m'sutikesi yokhoma. Mnyamata wina wa kwathu amene wangofika kumene anabwera kudzapempha, wina anafuna kugula. Onse awiri anabwerera ndi tiyi yekha m'mimba.

Ndalama zonse zakwana R3,420. Zoposa R2,000 zili m'migolo, mpanda, neti, mapolo, mapulasitiki ndi nsalu, zimene zigwiranso ntchito. Dothi ndilikhuthula, ndichotse mizu, ndisakanize ndi kompositi watsopano, koma ulendo uno kompositiyo ndimusefa kaye n'kumuyanika padzuwa chifukwa cha mbozi zija.

Woyenera bwalo lino ndi Wapakati, koma ndilibe njira yomubwezera. Kudula nthambi n'kuzimeretsa mizu kumayenda bwino mtengo usanayambe maluwa, ndipo kuisunga mpaka Okutobala kumafuna getsi la m'nyumba. M'nthambi zake za pansi ndapezamo njere zingapo. Wamwamuna wanga ndinamudula asanatsegule, ndiye mungu unachokera kwina, kutanthauza kuti m'dera lino sindili ndekha. Bambo wake sindikumudziwa, njerezo sindidzala. Alamu akuti ali nazo zina za gulu lomwe lija. Ndidzafesa pakati pa Okutobala, ndipo pofika Disembala ya masamba opyapyala kwambiri ndi ya masamba otambalala kwambiri ndidzazula, kusiya yapakati yokha. Pulasitiki wa padenga adzakwera kumayambiriro kwa Malichi, mvumbi usanayambe.